Mchere wa Lyford Miti

Lyford Miti anayamba kubwira mchere chaka chimene anachotsedwa ntchito ya ukalaliki ku depoti ya thonje. Poyamba ankangowonjezera m'ndiwo. Kenaka mkazi wake Veronika anamupeza m'khitchini mwawo ku Nabvutika, m'tauni ya Chipata, ataima pafupi ndi shelefu, akuthira mchere pachikhatho n'kumanyambita ngati mwana wakuba shuga.

"Mwasanduka ng'ombe kodi, bambo a Thandiwe?"

"Ng'ombe imanenepa," anayankha Lyford. "Ine taona lamba uyu."

Lambayo anali atamuboola mabowo atsopano ndi msomali. Munthuyo ankatha. Akadzuka pampando mofulumira, m'maso munkachita mdima mpaka agwire khoma. Khungu lake, lomwe kale linali loyererako moti anzake ankamuseka kuti ndi mdzukulu wa mmishoni, linayamba kuda, makamaka m'zigongono ndi m'mizere ya m'zikhatho.

Mu 1994, munthu wa zaka za m'ma makumi atatu akamaonda ku Chipata, anthu sankafunsa kuti akudwala chiyani. Ankafunsa kuti mwana adzamutenga ndani. Aneba anayamba kupatsa Veronika moni wofatsa kwambiri, ndipo ena ankamuyang'ana m'khosi kuti aone ngati nayenso wayamba kutuluka mafupa. Iye sankaonda. Analibe nthawi. Kuyambira pamene depoti inatsekedwa, ndiye ankadyetsa banja. Ankawoloka malire kupita ku Mchinji kukaoda zitenje, ndipo galimoto zikavuta ankagona komweko.

Tsiku lina m'mawa Lyford anagwa pa mpopi, ali ndi mswachi m'kamwa. Anamutengera kuchipatala pa wilibala.

Mu wodi ya amuna anamupatsa malo pansi, pakati pa mabedi awiri. Dokotala amene ankazungulira tsikulo anali mnyamata wochokera kumene ku yunivesite, dzina lake Benson Daka. Wodi yonse inali ya anthu oonda, ndipo Daka anali atazolowera kudziwa yankho asanafunse funso. Pa Lyford anaima.

Anamuyeza bipi ali chigonere. Kenaka anauza Veronika kuti amuimiritse, n'kumuyezanso. Singano ya makina inatsika, ndipo Lyford anatsika nayo limodzi, Veronika n'kumuwakha m'khwapa. Daka anatambasula zikhatho za wodwalayo n'kuziika pafupi ndi zake. Anamuyasamitsa, n'kuwalitsa tochi m'nkhama. Munali mawanga akuda ngati wamwa inki.

"Munadwalapo chifuwa chachikulu?"

"Kalekale. Ndili ku sekondale."

"Chakudya chimene mumachilakalaka kwambiri n'chiyani?"

Lyford anachita manyazi. Veronika ndiye anayankha. "Mchere, adokotala. Paketi sitha sabata."

Daka anamwetulira, zimene sizinkachitika kawirikawiri mu wodi imeneyo, ndipo anazindikira yekha n'kubweza kumwetulirako.

Anatenga magazi m'timabotolo tingapo. Ena anali oyeza kachilombo, ena oyeza mchere wa m'thupi. Botolo lomaliza analitenga yekha m'mawa kutangocha, asanabaye wodwalayo jekeseni iliyonse, n'kuliika m'bokosi la ayezi kuti lipite ku Lusaka, chifukwa makina oyeza zimene iye ankafuna ku Chipata kunalibe. Atatero anaika diripi ndi kuyamba majekeseni. Pofika Lamlungu, Lyford anali atakhala tsonga akudandaula kuti phala lazizira.

Tsiku limenelo ndi limene kunabwera mlongo wake wamkulu, Jesca, mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya kufupi ndi Madzimoyo. Atate awo atamwalira, Jesca ndiye analera Lyford ndi kumuphunzitsa, ndipo sanasiye kumuona ngati mwana wa mu giredi wani amene wataya pensulo. Anapempha kuonana ndi dokotala. Daka anawaitana onse awiri, iye ndi Veronika, m'kachipinda kodzaza makatoni.

"Choyamba, kachilombo alibe," anatero Daka. "Tayeza kawiri."

Veronika anagwira pakamwa. Jesca sanasunthe.

"Ndiye n'chiyani?"

Daka anafotokoza mosangalala, ngati munthu amene wapeza pobisalira mbewa. Pamwamba pa impso iliyonse, anatero, pamakhala kachiwalo kakang'ono ngati nyemba. Tiziwalo timeneti timatulutsa timadzi timene timasunga mchere ndi madzi m'thupi, timagwira bipi kuti isagwe, ndiponso timapatsa munthu mphamvu akadwala. Chifuwa chachikulu nthawi zina chimachoka m'mapapo n'kukadya tiziwaloti mwakachetechete kwa zaka zambiri. Tiziwaloti tikafa, mchere umangotuluka ndi mkodzo ngati madzi m'dengu. Munthu amafooka, amada khungu, amalakalaka mchere. Magazi a Lyford anasonyeza zomwezo: mchere unali wochepa kwambiri. Matendawo amatchedwa a Adisoni.

"Mapilisi amene ndiwapatse alowa m'malo mwa theka la ntchito ya tiziwaloto. Theka linalo, losunga mchere, mankhwala ake kuno kulibe. Choncho mankhwala ake ndi mchere womwewo. M'ndiwo, m'phala, ngakhale m'madzi akumwa. Makamaka kukatentha. Akasiya, kapena akayamba kusanza, muthamange nawo kuno tsiku lomwelo."

"Mchere," anatero Jesca.

"Mchere, amayi."

"Muli shuwa?"

Daka akanatha kungovomera. Koma anali ataphunzitsidwa bwino. "Zizindikiro zonse zikuloza kumeneko. Umboni weniweni ndi magazi amene apita ku Lusaka aja. Kumeneko akayeza timadzi tomwe tija, aone ngati tilimo."

"Ndiye simuli shuwa."

"Ndaona mapazi a fisi pakhola, ndaona mbuzi yasowa. Fisiyo sindinamuone."

Magaziwo sanafike. Galimoto imene inanyamula bokosi lija inafera kupitirira Nyimba, ndipo inakhala padzuwa mpaka ayezi anasanduka madzi ofunda. Daka anawauza zimenezi tsiku lotulutsa wodwalayo. Anati kuti ayezenso, Lyford ayenera kusiya mapilisi kwa tsiku ali m'chipatala, ndipo sankafuna kutero munthuyo asanalimbe. Abwerenso mvula ikayamba.

Jesca ananena kuti ku Nabvutika kuli fumbi ndi phokoso, mlongo wake akapumire kwa amayi awo ku Madzimoyo. Veronika anakasiya Thandiwe kwa makolo ake ku Chipangali n'kutsatira mwamuna wake.

Nyumba ya a Miti inali ya njerwa zootcha, yofolera malata. Pabalaza panali mavesi a m'mafelemu ndi chithunzi cha malemu atate awo atavala suti. M'chipinda chimenecho mawu oti mdulo sanatchulidwepo. Anatchulidwa kuseri kwa khitchini.

Mdulo aliyense kumeneko amaudziwa. Amati mkazi akagona ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula. Munthuyo amaonda, amafooka, amasanza, mpaka kufa. A m'banja la Miti, amene agogo awo anaphunzira kulemba kwa amishoni, sankakhulupirira zinthu zoterezi. Ankangosamala.

Tsiku loyamba Veronika atagwira mphika, apongozi ake, mayi Elizabeth, anamulanda mofatsa.

"Wavutika kuchipatala, mwana wanga. Puma. Iwe uzichapa ndi kutunga madzi."

Ndiwo za Lyford zinabwera m'mbale yakeyake. Analawa n'kuika supuni pansi.

"Asisi, mwaiwala mchere."

"Sindinaiwale. Idya."

Madzulo dzuwa lisanalowe, Veronika anapeza Jesca akusonkha moto ndipo anagwada pambali pake.

"Alamu, adokotala aja anati..."

"Ndinalipo. Makutu ndili nawo." Jesca anapitiriza kukankha nkhuni. "Mapilisi awo akumwa, ndikumupatsa ndekha pa nthawi yake. Ine sindikana za chipatala. Koma tiye tiwerenge bwinobwino, mlamu. Munthu akudya za m'manja mwako, akutha. Wagona m'chipatala, za m'manja mwako wasiya, wadzuka. Amuyeza kachilombo, alibe. Amuyeza malungo, alibe. Matenda amene dokotala akutchula, iye mwini akuti sanawaone. Ndipo pa zinthu zonse za m'dziko lino, wodwalayo akulira chiyani? Mchere. Iwe ukanakhala ine ukanaganiza chiyani?"

"M'diripi muja munali madzi a mchere. Anandiuza anamwino."

"Wothira ndiwe?"

Jesca anauzira moto.

"Sindikukunenera kanthu," anatero Jesca. "Ine ndine Mkhristu. Koma tinafunsako kwa amayi ena odziwa, ndipo akuti matenda olowera mu mchere amadya mchere. Akamaulira, si iye akulira, ndi matendawo. Tiwamane mwezi umodzi, tione. Ngati ulibe mlandu, ukuopa chiyani?"

Unali mwezi wa Okutobala. Malata ankalira ndi kutentha, ndipo Lyford ankadzuka masana mkeka utanyowa ndi thukuta. Patapita masiku ochepa anayambanso kugwira khoma.

Ntchito imodzi imene sakanamulanda Veronika inali yosambitsa mwamuna wake. Anapita ku kantini ya pamsewu, nagula mchere wa miyala, n'kuumanga pamfundo ya chitenje chamkati. Masana alionse ankalowetsa Lyford kubafa ya udzu kuseri kwa nyumba, n'kumukhazika pa mpando wa ndalema. Ankatunga madzi oyera m'kapu yachitsulo yothirira, kumasula mfundo ija, n'kuvundula ndi chala. Lyford ankamwa atatseka maso, osapuma.

"Wina," ankanong'ona.

"Mukufuna mundiphetse inu."

"Ukoma ngati Fanta, amake Thandiwe."

Anayamba kuyenda yekha mpaka pa mtengo wa mango. Tsiku lina anakonza wailesi ya amayi ake imene inafa kalekale. Jesca anamuona akuseka pakhonde ndipo anaitana Veronika.

"Waona? Sabata ziwiri zokha opanda mchere."

Veronika anavomera kuti waona.

Chimene chinamugwiritsa ndi dzuwa. Tsiku lina Lyford anachita chizungulire potuluka kubafa, ndipo Veronika pomuthandiza anasiya kapu ija pamwala osaitsuka. Timadzi totsalira tinauma. Jesca atapita kukasamba, anapeza m'kapumo muli zoyera zokakamira pansi. Anapaka chala n'kulawa.

Anawaitana onse pakhonde. Kapu anaiika pakati, pa tebulo la tiyi. Mayi Elizabeth anakhala pamkeka manja ali pamiyendo, akuyang'ana pansi.

"Masula chitenjecho."

Veronika anamasula yekha. Timiyala ta mchere tinagwera pa simenti.

"Mayo ine," anatero mayi Elizabeth. "Mwana wanga, ukanatiuza."

"Ndinakuuzani, amayi. Adokotala anakuuzani. Achira chifukwa cha umenewu, osati..."

"Wachira pamene tinakuchotsa pamphika," anatero Jesca. "Ndipo dzulo wachitanso chizungulire. Ndimadabwa kuti chabwerera bwanji. Munthu wosalakwa amabisa mchere m'chitenje chamkati? Amamwetsa mwamuna wake kubafa, ngati mfiti?"

"Ndimamupempha ndine, asisi," anatero Lyford. Mawu ake anali aang'ono.

"Chidakwa nachonso chimapempha. Iwe khala chete, sukudziwa chimene chikukudya." Jesca anatembenukira kwa iye, ndipo maso ake anali atadzaza misozi. "Ndinakunyamula kumsana ine. Ndinasiya kukwatiwa kuti iwe upite ku sekondale. Ndikuone ukufa chifukwa choopa kufunsa funso limodzi? Mufunse. Mufunse kumene amagona akapita ku Mchinji."

Nkhuku inabwera kudzajompha timiyala tija n'kutisiya.

Lyford sanayang'ane mkazi wake. Anayang'ana zikhatho zake zakudazo. Miyezi yonse imene anakhala pakhomo wopanda ntchito, akudikira kuti amve geti likutsegulidwa, funsolo analimeza. Tsopano linali patebulo pamodzi ndi kapu.

"Umagona kuti, amake Thandiwe?"

"Pakhonde la sitolo. Ndi azimayi anzanga. Mutu pa mtolo wa zitenje kuti asatibere." Veronika anaima. "Kuti inu mudye, bambo a Thandiwe."

"Ine sindikuti..." Lyford anapukuta thukuta pamphumi. "Pita kaye. Mitima itsike. Mwezi ukatha ndidzakuitana, tidzapite limodzi kwa adokotala."

"Mwezi simuufika."

"Mwamva?" anatero Jesca. "Mwamva nonse?"

Veronika anamanga katundu wake. Pochoka anafuna kusiya mchere wotsalawo pansi pa pilo ya mwamuna wake, koma Jesca anaima pakhomo la chipinda mpaka iye anatuluka.

Sanapite ku Chipangali. Anakwera lole ya chimanga mpaka m'tauni, n'kulunjika kuchipatala. Kumeneko anamuuza kuti Dokotala Daka anapita ku maphunziro ku Katete, abwera sabata yamawa. Wothandiza dokotala amene analipo anamvetsera nkhani yonse akulemba zina, ndipo anati wodwalayo abwere naye. Veronika anati sangamulole. Munthuyo anatambasula manja. Chipatala sichikanakalanda wodwala m'nyumba ya amayi ake.

Veronika anabwerera ku Madzimoyo Loweruka. Mayi Elizabeth anamuchingamira panjira, asanafike pabwalo.

"Usalowe, mwana wanga. Jesca alipo."

"Ali bwanji?"

"Akusanza kuyambira dzana. Akuti ndi zoipa zija zikutuluka."

"Mapilisi akumwa?"

"Akumwa. Koma akubwerera."

"Amayi, ndagwira mwendo wanu. Adokotala anati akayamba kusanza tithamange nawo. Ine ndisapite nawo, ndikhale kuno, mundimange pamtengo ngati mukufuna. Koma apite lero."

Mayiyo anayang'ana kunyumba, n'kuyang'ananso mpongozi wake.

"Ndilankhula naye Jesca. Mawa abusa abwera kudzapemphera. Tikatha mapemphero tiona."

Kuchokera pamene anaimapo, Veronika ankamva mwamuna wake akudzikoka kusanza m'chipinda, kopanda chotuluka. Anaitana dzina lake lenileni, limene sanalitchulepo pamaso pa apongozi. Zenera linatsekedwa.

Lolemba m'mawa Veronika anali atakhala pa benchi ya kunja kwa wodi pamene Daka anatulukira, chikwama chili paphewa. Dokotalayo anamuzindikira ndipo anayamba kumwetulira, pofuna kufunsa za wodwala wake wosowa uja. Veronika anafotokoza ali chiimire. Atafika pa kusanza, Daka anaponya chikwama pansi.

"Kuyambira liti?"

"Lachinayi."

Ambulansi inalibe mafuta. Daka analowa m'wodi, natenga matumba a diripi, majekeseni ndi makina a bipi, n'kuziponya m'katoni. Anabwereka njinga yamoto ya anthu a katemera. Veronika anakwera kumbuyo, katoni ili pamiyendo, dzanja limodzi litagwira malaya a dokotala.

Panjira Daka ankalankhula mokuwa chifukwa cha mphepo. Ankati akapeza mtsempha, munthuyo adzuka, anaonapo m'mabuku anthu odzuka atatsala pang'ono. Ankati akanangonena kuti ali shuwa. Veronika sankamva zambiri. Ankayang'ana msewu.

Atapatuka pa tala n'kulowa msewu wafumbi, anaona nthambi zaziwisi zitaikidwa m'mbali mwa njira. Daka anachepetsa liwiro monga amachitira aliyense podutsa pa maliro, ndipo anafunsa kuti nyumbayo ili patsogolo bwanji. Anyamata anali kutulutsa mipando ya pabalaza n'kumaiika pansi pa mango.

Njinga inaima pabwalo. Azimayi amene anakhala m'mbali mwa nyumba anasiya kuimba. Onse anaona mkazi wa malemu akutsika pa njinga ya mwamuna wachinyamata wovala bwino, dzanja lake likuchoka pamalaya a mwamunayo. Wina anakoka mnzake chitenje.

Daka anaima ndi katoni yake m'manja. Mkulu wina wa mpingo anabwera, namupatsa moni waulemu, n'kumuuza kuti zinachitika m'bandakucha. Daka anafunsa ngati angaone thupi. Anayamba kufotokoza za tiziwalo ta pamwamba pa impso. Mkuluyo anagwedeza mutu momvetsa, namugwira pamkono, n'kumuperekeza kumene kunakhala amuna.

Veronika anayenda yekha kupita kukhomo. Asanakwere pakhonde, Jesca anatuluka. Anali wopanda nsapato, duku litapendekeka, nkhope yotupa. Sanali mphunzitsi wamkulu tsiku limenelo. Anayang'ana mlamu wake nthawi yaitali, ndipo polankhula sanakweze mawu.

"Ndinayesetsa," anatero. "Mulungu akudziwa. Ngakhale kambewu kamodzi ka mchere sikanalowe m'kamwa mwake chichokere iwe. Usiku wonse amandipempha, ine ndikulira, ndikumukaniza." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ndinachedwa ndine. Ndikanakuchotsa tsiku loyamba lija."

Veronika anatsegula pakamwa, koma m'nyumba azimayi anayambanso nyimbo, ndipo Jesca anabwerera mkati. Mayi wina wachikulire anabwera, namugwira paphewa, n'kumulozera malo pansi pafupi ndi nkhokwe, kutali ndi khomo, kutalinso ndi kumene ankaphika. Veronika anapita kukakhala pamenepo.